Chitseko ndi Mavu: Akanapambana Ndani?

3 Febuluwale

Okondedwa alamu,

Muli bwanji kunjako, inu ndi mwana wathu namwino uja? Ife kuno tili bwino, kupatula mutu wa akulu anu, ndipo mutuwo ndi umene wandigwiritsa cholembera lero. Pafoni mumangoti "tili bwino, moni kwa onse" n'kudula. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa pepala simungalidule mawu.

Nkhani yake ndi iyi. Wometa tsitsi wa pamphambano uja anatola chithunzi chakale cha m'nyuzi, cha inu ndi akulu anu mutaima limodzi, iwo lamba wa ankhonya olemera ali m'chiuno, inu tsitsi likadali lodzaza mutu. Anachimata pagalasi. Kuyambira tsiku limenelo anthu sapitako kukameta, amapita kukakangana: Chitseko ndi Mavu, akulu anu ndi inu, aliyense ali pachimake pa mphamvu zake, akanapambana ndani? Oyendetsa minibasi ali mbali yanu. Okonza galimoto ndi ogulitsa nyama ali mbali ya akulu anu. Ena mwa iwo anali asanabadwe n'komwe nthawi imene munkamenya nkhonya, koma amafotokoza ngati ndi amene ankakugwirirani thaulo.

Zikanathera pamenepo ndikanangoseka. Koma Loweruka lapitali akulu anu anapita kukameta, ndipo dalaivala wina, osadziwa kuti mkulu waimvi amene wakhala pampandoyo ndi ndani, anati: "Chitseko anali wamantha. Ataona kuti mng'ono wake wafika poti alimbane naye, anatula lamba pansi n'kuthawira kowotcherera zitsulo." Akulu anu anadzuka mutu utametedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi, n'kuyenda choncho mpaka kunyumba. Ndinawamalizitsa ndine ndi sizasi yanga yodulira nsalu.

Lolemba anadzaza thumba ndi mchenga n'kulipachika mu shedi momwe amawotchereramo. Tsopano m'mawa uliwonse amathamanga mpaka pa mlatho n'kubwerera, akafika amagwira geti ngati likufuna kuwathawa. Alamu, munthuyu ali ndi zaka 64, ndipo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku. Mwini holo ya kumsika wamva, ndipo wabwera kale kawiri ndi mano ake oyerawo. Akuti anthu akhoza kudzaza holo kudzaona abale awiri akuthetsa mkangano.

Ndikudziwa kuti zaka 26 zapita inu ndi akulu anu osalemberana ngakhale liwu limodzi. Sindikukupemphani kuti muyanjane, zimenezo ndinatopa nazo kalekale. Ndikungopempha mizere iwiri yokha. Mulembe kuti: "Achimwene, mukanandigonjetsa." Akaiwerenga, akaionetsa kwa wometa, thumba lija ndilitsitsa ndithire mchengawo m'maluwa anga. Kwa inu ndi inki chabe. Kwa ine ndi mwamuna.

Yankhani msanga, ndipo mundiuze ngati mwana wathu akudya mokwanira ndi ntchito yake yoimirira ija.

Ndine mlamu wanu.


27 Febuluwale

Alamu anga,

Kalata yanu ndalandira. Ife kuno tili bwino, kukungozizira. Mwana wanu akudya, musadandaule, akudya mpaka zanga zomwe.

Mukanandipempha makina atsopano osokera ndikanatumiza mawa. Mizere iwiri imeneyo ayi. Si inki chabe. Ndi bodza, ndipo ndi bodza limene ndakhala ndikulikana moyo wanga wonse.

Inu mwaona akulu anga akuwawidwa mtima tsiku limodzi chifukwa cha pakamwa pa dalaivala. Ine ndinawawidwa zaka zinayi zathunthu. Iwo atatula lamba, ndinamenyana ndi munthu wina n'kumutenga. Ndinamuteteza kasanu ndi kawiri. Koma kulikonse kumene ndinkapita anthu ankati "lamba wamphatso". Tsiku lina wolengeza mayina, ine lamba ali m'chiuno, anandiitana kuti "mng'ono wake wa Chitseko", ndipo holo yonse inawomba m'manja. Ndinapita kwa akulu anga katatu kuwapempha kuti timenyane kamodzi kokha, wogonja agonje poyera. Kachitatuko anangotsitsa galasi lakumaso n'kuyatsa moto wowotcherera ine ndikuyankhula. Ndinachoka kwathu chifukwa cha zimenezo, osati chifukwa cha ntchito ngati mmene timawauzira anthu.

Popeza afunsa ku malo ometerako, auzeni yankho langa. Achimwene anali ndi dzanja lamanja loti likakupeza umadzukira kuchipatala, sindikana. Koma miyendo yawo inali ya munthu wosenza kabati. Ankafuna munthu woima patsogolo pawo ngati mtengo wa magetsi, ndipo ambiri ankaimadi chifukwa cha mantha. Ine sindinkaima. Raundi zisanu zoyamba ndikanangowazungulira chakumanzere kwawo, kutali ndi dzanja lija, n'kumawaluma ndi lamanzere langa pamphuno, pamphuno, pamphuno. Dzina loti Mavu sindinaligule pamsika. Pofika raundi yachisanu ndi chitatu iwo ankapumira m'kamwa, funsani aliyense amene anawaonapo. Pamenepo ndi pamene ine ndinkayamba ntchito. Sindikanawagwetsa, munthu uja sagwa. Koma dzanja lokwezedwa pamapeto likanakhala langa.

Za kuthamangako aletseni, abisireni nsapato. Koma musandipemphenso kuti ndigone pansi ndisanamenyedwe.

Pepani zilembo zikuluzikuluzi, cholembera changa n'chachilendo.

Ndine mlamu wanu.


16 Malichi

Iwe Mavu,

Uli bwanji. Ine ndili bwino.

Ndimafuna mafuta a makina m'kabati ya mlamu wako ndiye ndapeza kalata yako pansi pa ulusi. Anaibisa. Ndaiwerenga katatu. Ndakaiwerenganso kwa wometa, anthu anadzaza mpaka pakhonde.

Choyamba, sindinamutume kuti akupemphe mizere iwiri. Ukanailemba ndikanaing'amba. Sindifuna kupambana ndi chisoni cha munthu.

Chachiwiri, tiye tikambe zoona. Pali anthu awiri amene tonse tinamenyana nawo. Kondakitala uja, wamtali ngati chitseko cha basi yake, ine ndinamugoneka raundi yachitatu, anamunyamula anthu anayi. Iwe unavina naye raundi khumi ndi ziwiri n'kudikira kuti oweruza awerengere pamapepala. Winayo, Msilikali, ndinamuthyola nthiti ziwiri. Iwe anakugwetsa raundi yoyamba, unadzuka lefali atafika pa eyiti, miyendo ikulemba zilembo. Unapambana, inde, koma unagwa. Ine ndani anandionapo pansi?

Wati ukanandizungulira. Bwalo la nkhonya si msewu, lili ndi makona anayi. Onse othamanga ndinkawapeza pakona. Sindinkawathamangitsa, ndinkangowatsekera njira, phazi limodzi uku, phazi limodzi uku, mpaka msana wawo ukhudze chingwe. N'chifukwa chake ankanditcha Chitseko, osati chifukwa cha mapewa ngati mmene ana a masiku ano akunenera.

Ndipo pali china chimene oyendetsa minibasi sadziwa. Iwe ukaponya lamanzere kawiri, lachitatu umatsitsa phewa, chibwano n'kukhala poyera. Unkatero uli ndi zaka 15, unkaterobe uli ndi lamba. Ndikudziwa chifukwa amene anakuphunzitsa kuima ndine. Amene anakumanga mabandeji tsiku lako loyamba ndine. Ndikanadikira lachitatulo. Raundi yachisanu ndi chimodzi sikanatha.

Za zaka zinayi zakozo sindiyankha. Aliyense ananyamula zake.

Mwini holo akuti Loweruka lomaliza la Juni holo ilibe anthu. Raundi zitatu. Ine ndavomera. Ngati miyendo imene ukuitamayo ilipo, bwera nayo.

Moni kwa mwana. Ndinamuona komaliza ali kumsana kwa mayi ake.

Mkulu wako.


2 Epulo

Achimwene,

Ndili bwino, zikomo pofunsa patapita zaka 26.

Kondakitala anafika kwa inu ali ndi malungo, aliyense ankadziwa. Kwa ine anafika ali bwinobwino ndipo ataphunzira kuphimba mutu. Msilikali anandigwetsa, n'zoona, koma munthu amaoneka kulimba kwake podzuka. Inu simunagwepo chifukwa munasiya nthawi yogwa isanafike.

Ndikubwera mu Juni. Magolovesi ndibwera nawo anga.

Mng'ono wanu.


21 Epulo

Alamu,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, koma dziwani kuti ndikulemba ndili wodzaza ndi mkwiyo.

Ndinakupemphani madzi, mwanditumizira petulo. Kalata yanu yaifupi ija akulu anu anaipinda n'kuiika m'thumba la ovolosi, ndipo pofika madzulo mwini holo anali atasindikiza mapepala. Tsopano nkhope zanu ziwiri zili paliponse, pamitengo ya magetsi, pakhoma la chigayo, ngakhale pachitseko cha chimbudzi cha kumsika. Anajambula zithunzi zakale zija, inu nonse muli ndi minofu, ndipo pansi analemba kuti "Lero tidziwa". Makasitomala anga akabwera kudzayesa madiresi sandifunsanso za mtundu wa ulusi, amandifunsa kuti ndili mbali iti.

Mverani zimene mapepalawo sakunena. Lachinayi lapitali akulu anu anachita chizungulire pa mlatho, anakhala pansi m'mbali mwa msewu mpaka wogulitsa nyama anawapeza n'kuwabweretsa pa njinga. Kuchipatala anayeza magazi kawiri chifukwa koyamba anaganiza kuti makina awonongeka. Dokotala anawafunsa kuti, "Bambo, mukufuna kuthamangira kuti?" Tsiku lotsatira ndinawabisira nsapato ngati mmene munanenera. Anathamanga ndi majombo owotcherera.

Ndalankhula nawo mofatsa, ndalankhula mokalipa, ndagona chowafulatira sabata yathunthu. Akuti, "Mwanayo wavomera. Ndikabwerera m'mbuyo kachiwiri, dalaivala uja akhala kuti ananena zoona." Mwanayo ndi inu, alamu, ndi zaka zanu 56.

Ine ndinalipo masiku amenewo. Ndine ndinkachapa mathaulo amagazi, ndine ndinkawadyetsa ndi supuni nsagwada zikatupa. Sindinasamale kuti akanapambana ndani nthawi imeneyo, ndipo sindisamala lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti amuna awiri okalamba akufuna kukwera pabwalo kuti oyendetsa minibasi aseke, ndipo mmodzi akhoza kutsikapo atanyamulidwa.

Ndikuuzeni pasadakhale kuti musadzadabwe. Nkhonya imeneyi sichitika. Ngati kuli kofunika kuti ndikagone pakhomo la holo, ndikagona. Ngati kuli kofunika kudula magolovesi anu ndi sizasi, ndidula, ndipo mukudziwa kuti sizasi yanga ndi yakuthwa. Bwerani ngati mlendo, chipinda chilipo, ndachapa kale makatani. Koma lembani kuti mwasintha maganizo.

Ndikudikira. Pafoni simukuyankha, ndayesa kanayi.

Mlamu wanu.


10 Meyi

Okondedwa mayi aakulu,

Ndine mwana wanu namwino. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo aakulu. Mundikhululukire ngati mawu ena ndalemba mokhota, chinenero chathu ndimachiyankhula ndi bambo okha, ndipo nthawi zambiri timakhala tikukangana.

Bambo sanakuyankheni ndipo sayankha. Sakudziwa kuti ndikulemba. Anandiletsa kunena zimene nditi ndinenezi, koma kalata yanu ndinawawerengera ndine, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sukukhazikika.

Ndimawawerengera chifukwa iwo sangathenso kuwerenga zilembo zazing'ono. Diso lawo lamanzere linasiya kuona zaka zitatu zapitazo. Lamanja likuona ngati munthu ali m'chifunga. Madokotala akuti ndi zibakera zakale. Anatichenjeza kuti akagundidwa kamodzi kokha mwamphamvu kumutu, lotsalalo likhoza kuzimiratu. Ntchito yoyendetsa makina onyamula katundu anawapumitsa mu Disembala chifukwa cha zomwezo. Makalata awiri amene anakutumizirani analemba ndi cholembera chokhuthala, nkhope ili pafupi ndi pepala, ndipo yoyamba ija inawatengera masiku atatu. Ndinati ndiwalembere, anakana. Anati akulu awo akaona zilembo za munthu wina adziwa kuti china chake chalakwika.

China chimene muyenera kudziwa ndi ichi. Tikiti ya mu Juni anagula mu Januwale, kalata yanu yoyamba isanafike. Ankafuna kubwerera kwathu akadali kuona pang'ono, kuti aone nkhope za anthu. Koma tsiku lililonse ankandifunsa kuti, "Ndikafika pageti ndikanene kuti chiyani?" Kalata ya bambo aakulu itabwera ndi mawu oti "bwera", anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho. Anati, "Wandiitana yekha."

Koma musaganize kuti akuchita nthabwala. Anatulutsa magolovesi akale m'sutikesi, anawapaka mafuta, ndipo m'mawa uliwonse akulumpha chingwe pakhonde mpaka a nyumba yapansi adandaula. Ndikawakumbutsa za diso amati, "Chitseko sadzandipeza." Ndimawadziwa. Akakwera pabwalo amenyadi, ndipo sadzanena kwa munthu kuti dzanja lamanja la bambo aakulu likamabwera chakumanzere kwawo saliona n'komwe.

Ine sindingapeze tchuthi kuti ndibwere nawo. Ndawaika m'manja mwanu. Chitani zimene mukuona kuti n'zoyenera ndi kalatayi.

Ndine mwana wanu.


29 Meyi

Mng'ono wanga,

Uli bwanji. Ndikudziwa kuti akukuwerengera ndi mwana. Mwanawe, werenga zonse, usadumphe mzere.

Mlamu wako anabwera ku shedi, anazimitsa magetsi pa switchi yaikulu, n'kundiwerengera kalata ya mwanayo ataimirira. Usamukalipire mwanayo. Ali ndi nzeru kuposa ife tonse awiri. Tsiku lomwelo ndinapita kwa mwini holo kukamuuza kuti zalephereka. Anakalipa. Ndinamuyang'ana, anasiya. Mapepala ndayenda ndekha kuwamatula, latsala limodzi pamwamba pa mtengo wa magetsi pomwe sindifikira.

Kalata ija ndinati za zaka zinayi zako sindiyankha. Ndiyankha tsopano.

Tsiku limene ndinamuthyola nthiti Msilikali, dzanja langa lamanja linathyoka nalonso. Mafupa awiri a kuseri kwa chikhatho. Anapola mokhota. Nkhonya ziwiri zomaliza ndinamenya atandibaya jakisoni, ndipo ndinapambana chifukwa anthuwo ankaopa dzanja limene kunalibe. Ankadziwa ndi dokotala yekha ndi ine. Ngakhale mlamu wako ndinamuuza kuti ndi nyamakazi.

Kenako anabweretsa dzina lako. Iwe sukanaopa. Ukanazindikira raundi yachiwiri kuti lamanja silikubwera, ndipo ukanandisenda nkhope pamaso pa anthu onse. Ndikanakuuza za dzanjalo, ukanakana kumenyana nane, kapena ukanandimenya mondimvera chisoni. Zonsezo sindinazifune. Ndiye ndinatula lamba n'kumadziuza kuti ndikukupatsa njira. Ndadziuza zimenezo zaka makumi atatu.

Zoona zake n'zakuti sindinafune kugonja kwa mwana amene ndinkamunyamula pamapewa popita kusukulu. Dalaivala uja sananame kwenikweni. N'chifukwa chake zinandiwawa. Utabwera kachitatu ku shedi, ndinatsitsa galasi lakumaso kuti usaone nkhope yanga.

Ndiye imva. Chaka chimenecho ukanapambana. Lambayo anali wako, ndipo ine ndinakubera tsiku lomutenga m'manja mwanga. Sinali mphatso. Kunali kuba.

Koma usasangalale kwambiri. Ndikunena za chaka chimenecho chokha. Ine wa zaka 28, manja onse awiri ali bwino, uja anagoneka Kondakitala, amene analibe malungo alionse, ukanamuthawa raundi zisanu, yachisanu ndi chimodzi akanakupeza pakona. Pamenepo sindisintha mpaka kufa.

Bwera. Magolovesi usiye. Ukafika pageti usavutike n'zonena, ungogogoda.

Mkulu wako.


24 Juni

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo ukupuma mokwanira. Bambo ako anafika bwino Lachinayi masana. Wandiuza pafoni kuti kalata ya bambo ako aakulu yafika kumeneko iwo atanyamuka kale. Ndinazindikira zimenezo mochedwa, ndipo ndikufotokozera mmene zinayendera, chifukwa pafoni sindikanatha ndi anthu awiriwa ali m'khutu mwanga.

Anatsika galimoto ndi chikwama chimodzi, magolovesi atawamangirira kunja kwake kuti msewu wonse uone. Bambo ako aakulu anali pageti kuyambira m'mawa, atavala malaya oyera, akunamizira kukonza loko. Anayang'anana. Ine ndimadikira kuti wina atambasule manja. Bambo ako anangoti, "Ndabwera. Holo ili kuti?"

"Kalata yanga sunaimve?"

"Ndinaimva. Munati ngati miyendo ilipo ndibwere nayo. Ndi iyi."

Pamenepo ndi pamene tinadziwa kuti kalata yomaliza sinawapeze. Bambo ako aakulu anandiyang'ana ngati ndiwathandize. Ndinati, "Munalemba nokha, nenani nokha," n'kunyamula chikwama kulowa nacho m'nyumba. Koma ndinaima pazenera, usandiyese mngelo.

Kulemba kunawatengera masiku anayi, kunena kunawakanika. Kenako anagwira dzanja la mng'ono wawo n'kuliika pamwamba pa chikhatho chawo chamanja, pomwe pali mafupa okhota, n'kuyesa kufumbata kuti amve kuti zala ziwiri sizitsekeka. Atatero mawu anabwera. Ananena zonse, za Msilikali, za jakisoni, za mantha. Ine ndemwe za jakisoni ndinazimvera pazenera pomwepo, nditakhala nawo zaka zonsezi.

Ndinkaganiza kuti bambo ako alira. Anakwiya. Anati, "Ndiye moyo wanga wonse ndakhala ndikukangana ndi dzanja lothyoka?" Kenako anafunsa chifukwa chimene mapepala anachotsedwera, ndipo atamva kuti za diso tikuzidziwa, anafika potentha. "Mwaimitsa nkhonya chifukwa chondimvera chisoni? Kachiwirinso mwandisankhira nokha? Ndayenda ulendo wonsewu kudzalandira mphatso ina?" Chakudya anakana. Anakhala pampando wa pakhonde chikwama chili pamiyendo, ngati munthu wodikira basi yobwerera.

Mwana wanga, ndinalumbira kuti nkhonya imeneyi sichitika. Koma nditawayang'ana awiriwo, wina pakhonde, wina pageti, ndinaona kuti ndikaumirira, bambo ako abwerera Lolemba ndipo sitidzawaonanso. Ndiye Lachisanu m'mawa ndinawaitana onse ku shedi. Ndinati, "Mukufuna kumenyana? Mumenyana. Koma holo ndi ino, woonera ndine, lefali ndine, dokotala ndine. Raundi imodzi, mphindi imodzi. Kumutu ayi. Amene akhudze mnzake kumtunda kwa mapewa wagonja, ndipo ndikalengeza ndekha kwa wometa." Anayamba kudandaula kuti mphindi imodzi si nkhonya. Ndinati akapanda kufuna ndikatenge sizasi. Anavomera.

Tinakankhira mageti osamaliza kukhoma, ndinasesa tizitsulo pansi, ndinatseka chitseko ndi loko. Magolovesi analipo awiri okha a bambo ako, ndiye anagawana. Bambo ako anatenga lamanzere, akulu awo lamanja, manja otsalawo ndinawakulunga ndi zidutswa za nsalu ya yunifolomu. Anavula malaya. Ndisakunamize, mimba zinali patsogolo, minofu inatsalira pa chithunzi cha wometa. Ndinakweza mkono kuyang'ana wotchi yanga n'kumenya chitsulo ndi sipanala.

Ndinaiwala kuti anthuwa anali ndani. Belu litangolira misana inawongoka. Bambo ako anayamba kuyenda cham'mbali pa zala za kumapazi, mutu utapendekeka kuti diso labwinolo litsogole, ndipo lamanzere linatuluka, pha, pha, m'nthiti mwa akulu awo. Akuluwo osathamanga, phazi uku, phazi uku, kuwatsekera njira mpaka msana wa bambo ako unagunda tebulo la zitsulo. Zibakera zinamveka ngati munthu akupuntha matiresi. Wina anabuula, sindinena kuti ndani. Kenako mpweya unawathera onse awiri nthawi imodzi, anagwirana ngati mmene ankhonya amachitira akatopa, mutu wa uyu paphewa la uyo, thukuta lili chuchuchu.

Lefali amayenera kukuwa kuti alekane. Ine sindinakuwe. Anakhala choncho nthawi yaitali, akupuma ngati ng'ombe zokoka ngolo, ndipo palibe amene ankafuna kuyamba kusiya. Ndinamva bambo ako akunena chapansipansi kuti, "Mwakalamba, achimwene." Enawo anati, "Phewa ukutsitsabe." Mapewa onse anayi ankagwedezeka, kaya kunali kuseka kaya chiyani, sindinapite pafupi kukaona. Nditaona kuti zakwana ndinamenya chitsulo.

Anakhala pa matayala, ndinawayeza magazi onse awiri ndi kamakina kaja unatumiza ndi bambo ako, ndinawapatsa madzi. Atangopeza mpweya anafunsa pamodzi kuti, "Wapambana ndani?"

Ndinati, "Sindinaone. Ine ndimayang'ana wotchi."

Anandikalipira onse awiri, kwa nthawi yoyamba ali mbali imodzi. Masana amenewo bambo ako anadya mbale ziwiri. Loweruka anapita limodzi kwa wometa, bambo ako atagwira chigongono cha akulu awo podutsa msewu, ndipo ndamva kuti anthu anasiya minibasi pamsewu kudzaona. Dalaivala uja anapepesa mpaka kuvula chipewa. Za mu shedi sanauze munthu. Koma za Chitseko wa zaka 28 ndi Mavu wa zaka 26 akukanganabe, afika pa raundi yachisanu ndi chinayi, ndipo Kondakitala tsiku lina amakhala ndi malungo, tsiku lina alibe.

Utumize pepala la dokotala wa maso kuti tikalionetse kuchipatala cha kuno, mankhwala odontheza atsala botolo limodzi. Kalata ya bambo ako aakulu ija uisunge, udzabwere nayo wekha ukapeza tchuthi. Chipinda chako ndi chimene chili ndi makina osokera, ndiwasuntha.

Ndipo ichi n'cha iwe wekha. Wotchi yanga ya pamkono inafa chaka chatha, ndimangoivala chifukwa cha kukongola. Ndinaona chibakera chilichonse. Ndikudziwa amene anapambana, ndipo ngakhale iwe sindidzakuuza.

Ndine mayi ako aakulu.